Bomba likaphulika kumwamba, pansi pano chimapsa n'chiyani?

Moni nonse, takulandiraninso. Pa 9 Julayi 1962, dziko la America linaphulitsa bomba la nyukiliya makilomita 400 pamwamba pa chilumba cha Johnston, m'nyanja ya Pacific. Mayesowo ankatchedwa Starfish Prime. Ku Hawaii, mtunda woposa makilomita 1,400, nyali za mumsewu pafupifupi 300 zinazima, maalamu n'kuyamba kulira okha. Moto sunafikeko, chimphepo sichinafikeko. Ndiye chinafika n'chiyani? Musachoke.

Mwachangu: bomba limatulutsa cheza cha gamma, chezacho chimathothola maelekitironi mumpweya pa makilomita 20 mpaka 40 kumwamba, maginito a dziko lapansi n'kuwakhotetsa. Kukhota kumeneko ndiko kumabala EMP, funde ladzidzidzi lamphamvu ya magetsi ndi maginito limene linafika ku Hawaii, ndipo EMP imafika m'magawo atatu.

Loyamba, E1. Limabwera mothamanga kuposa mphezi, mphamvu yake n'kufika mavoti 50,000 pa mita imodzi. Zotchingira mphezi zambiri zimachedwa kudzuka. Limalowa kudzera m'mawaya n'kuwononga makompyuta ndi marile, timasiwichi todzidula tokha timene timateteza siteshoni ya magetsi.

Lachiwiri, E2, n'ngati mphezi wamba. Tipitirire.

Tisanafike lachitatu, ndilankhulepo za bodza limene limandinyansa. Akuti EMP ikagunda, galimoto iliyonse imaima pomwepo, foni iliyonse yafa, basi dziko labwerera ku nyali ya palafini. Ayi ndithu! Bungwe limene Congress, nyumba ya malamulo ya America, inakhazikitsa linayesa magalimoto 37, lipoti n'kutuluka mu 2008. Amene injini zinali zozimitsa sanawonongeke. Mwa oliza, atatu okha ndi amene anazima, ndipo atawalizanso analira. Atatu, abale! Chifukwa chake n'chosavuta: EMP imafuna waya wautali woti ikwerepo. Foni ya m'thumba mwanu ili ndi timawaya tating'onoting'ono, ndiye imatola zochepa. Mukaiika pa chaja yolumikizidwa kukhoma, apo nkhani yasintha, chifukwa mwailumikiza ku mawaya a tauni yonse. Amene amakugulitsani mantha pa intaneti sanena zimenezi. Ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani like, mupangenso subscribe, zimatithandiza kwambiri.

Lachitatu, E3, ndilo limasowetsa tulo mainjiniya. Limayenda pang'onopang'ono, masekondi makumi angapo mpaka mphindi zingapo. Maginito a dziko akagwedezeka, m'mawaya aatali mumayenda magetsi opita mbali imodzi, olowera pa waya wolumikiza thiransifoma ndi nthaka. Thiransifoma inapangidwira magetsi osinthasintha mbali, choncho chitsulo chake chamkati chimakhuta maginito, chimatentha, mavoti n'kugwa, masiteshoni n'kuyamba kudzidula motsatizana.

Umboni ulipo. Pa 22 Okutobala 1962, Soviet Union inaphulitsa bomba lake makilomita 290 pamwamba pa Kazakhstan, mafyuzi n'kupsa pa waya wa telefoni wotalika makilomita 570. Mkuntho wa dzuwa nawo umagwedeza maginito a dziko mofanana ndi E3: pa 13 Malichi 1989, magetsi a kampani ya Hydro-Québec ku Canada anagwa m'masekondi pafupifupi 90, anthu 6 miliyoni n'kukhala mumdima maola 9.

Kuteteza kumatheka: kuika makapasita, zida zotsekereza magetsi opita mbali imodzi, pa waya wa pansi uja kuti atseke njira, kukuta zipinda za marile ndi chitsulo, kugwiritsa ntchito faiba m'malo mwa waya wa kopa, komanso kusunga mathiransifoma apadera, chifukwa yaikulu ikapsa, kuitanitsa ina kumatha kupitirira chaka.

Lembani m'makomenti ngati mukufuna vidiyo yapadera ya mkuntho wa dzuwa wa 1989.