Mawu a Chichokwe oti upite nawo kwa apongozi ako ku Kabompo

Iwe mwanawe, ndine zakhali wako. Uthenga wako ndaumva, ndipo ndakondwa kuti waganiza zondifunsa usananyamuke. Peza pokhala, tenga kope ndi cholembera, chifukwa ndilankhula motalikirapo. Pamene sunamvetse ubwezere m'mbuyo.

Choyamba udziwe kumene ukupita. Ukachoka ku Lusaka, n'kudutsa Solwezi ndi Mufumbwe mpaka kufika ku Kabompo, udzamva zilankhulo zingapo pamsika umodzi: Chiluvale, Chilunda, Chiluchazi, Chichokwe. Zimafanana, koma si chimodzi. Apongozi ako ndi Achokwe, ndiye usakawatchule kuti Aluvale. Achokwe ambiri ali ku Angola, cha ku Saurimo, Dundo ndi Luena, ena ali ku Congo. Usadabwe ukamva kuti agogo a mwamuna wako ali ndi abale kutsidya kwa malire.

Tiyambe ndi moni. Liwu lake ulidziwa kale: moyo. Ee, moyo womwewu. Munthu mmodzi wa msinkhu wako umangoti moyo. Akakhala akuluakulu kapena anthu angapo, uti moyo wenu, ndipo pakamwa pa ena zimamveka ngati moyo weno. M'mawa udzamvanso akuti menekenu. Kumeneka ndiko kulonjera. Tchula nane pang'onopang'ono: me-ne-ke-nu. Tamvera kumapeto kwakeko, enu. Ameneyo ndiye ni wathu uja wa khalani, bwerani, pitani. Ukamulankhula wamkulu, enu asasowe.

Koma ndikuuze, liwu lokha silikwana. Ukafika pakhomo usapereke moni uli chilili, chikwama chili paphewa. Tula katundu, vala chitenje chako bwinobwino, gwada monga unaphunzitsidwira kwanu, omba m'manja mofatsa, kenaka ulankhule. Kuderako udzamvanso liwu lakuti mwane likubwera kumapeto kwa moni ndiponso poyankha wamkulu akaitana. Ndi liwu laulemu la chigawo chonsecho. Umvetsere mmene azilamu ako akuligwiritsira ntchito, uwatsanzire.

Akakufunsa kuti kuchi, akutanthauza kuti bwanji, zili bwanji. Iwe uyankhe kuti kanawa, ndiye kuti bwino. Kanawa ameneyu umugwire zolimba, adzakutumikira tsiku lonse. Wagona bwanji, kanawa. Ulendo unali bwanji, kanawa. Ngakhale basi itakugwedeza mpaka msana kuwawa, yamba ndi kanawa, madandaulo abwere pambuyo. Inde ndi ewa, pafupi kwambiri ndi eya wathu. Ayi ndi ka. Koma ka ameneyu usamuponye yekha kwa apongozi, amamveka mouma ngati mmene ayi wopanda ulemu amamvekera kwathu.

Tsopano lemba ili ndi zilembo zazikulu: twasakwila. Ndiko kuti tathokoza, zikomo. Ukafuna kunena za iwe wekha uti ngunasakwila. Ine nditangofika kumeneko ndi amalume ako, mayi wina wachikulire woyandikana nafe anandibweretsera chinangwa chonyika m'beseni, atachisenza pamutu kuchokera kumtsinje, madzi akudontha m'khosi mwake. Chichokwe changa chonse chinali liwu limodzi lomweli. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinati twasakwila. Anaima kundiyang'ana, kenaka anandigwira dzanja osalisiya kwa kanthawi. Kuyambira tsiku limenelo ndiye anakhala mphunzitsi wanga, ndipo zambiri zimene ndikukuuzazi ndinaziphunzira pakhonde pake tikusenda chinangwa.

Podzitchula dzina uti jina liami, kenaka dzina lako. Jina ndi dzina, waona kufanana kwake. Mwana kapena mnzako ungamufunse kuti jina lie iya, dzina lako ndani. Apongozi usawafunse dzina, zimenezo umfunse mwamuna wako kuseri. Bambo ndi tata, mayi ndi mama. M'bale ndi ndumbu, ndipo ukamva wina akuti ndumbwami, akuti m'bale wanga. Mkazi ndi pwo, mwamuna ndi lunga, mwana ndi mwana basi.

Apa tsopano tchera khutu, chifukwa Chichewa chako chomwecho chimene chikuthandize ndi chimenenso chingakusocheretse. Kudya iwo amati kulya, kumwa amati kunwa, khumi amati kumi. Zimenezi sudzavutika nazo. Koma ukamva mutu, usagwire kumutu kwako. Mutu kwa iwo ndi munthu, anthu ndi atu. Mutu wathu uwu wa tsitsi amati mutwe. Ukadwala litsipa n'kumaloza kuti mutu, mutu, adzayang'ana kukhomo kuti wabwera ndani. Chimodzimodzi meya. Kwathu meya ndi mkulu wa mzinda, kwa iwo meya ndi madzi. Apongozi akatchula meya akuyang'ana iwe, nyamuka ukatunge, uwapatse utagwada. Nyumba ndi zuwo, mudzi ndi chihunda, mtima ndi mbunge, Mulungu ndi Zambi. Nkhuku ndi kasumbi, ndipo ndikhulupirira adzakuphera imodzi.

Nsima yake kawirikawiri ndi ya chinangwa, yonga kondowole wa ku Nkhata Bay, yomata m'manja. Chigwada amati matamba. Idya ndi mtima wonse, ukatha unene kuti chipema, ndiye kuti n'chabwino, n'kuwonjezera twasakwila uja.

Pali liwu lina limene ndikufuna ulisamale: mukanda. Likhoza kutanthauza kalata kapena buku, komanso ndi dzina la chinamwali cha anyamata. Nthawi ya mukanda kumatuluka akishi, amene ku Zambia ambiri amawatchula kuti makishi, ovala zophimba nkhope ndi thupi lonse. Wina wotchuka ndi Mwana Pwo, woimira mkazi wachitsikana, ndipo liwu lakuti pwo walimva kale. Iwe wakulira kumene kuli Gule Wamkulu, ndiye ukudziwa kale khalidwe lake. Sufunsa kuti mkatimo muli ndani, suloza chala, sutulutsa foni kujambula usanaloledwe. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linalemekeza makishi ndi Gule Wamkulu m'chaka chimodzi, 2005. Ulemu umene umapereka kudambwe ukaperekenso kumeneko.

Ukamafufuza mawu ena pa intaneti usasokonezeke ndi kalembedwe. A ku Angola amakonda kulemba c pamene ife timalemba ch, ndiye udzaona Cokwe ndi kuci, koma katchulidwe ndi komweko. Pamene a ku Zambia alemba sh, iwo amaika x, motero akishi amakhala akixi. Komanso pepala silikuuza pokweza ndi potsitsa mawu. Ukudziwa mmene mtengo wa m'nkhalango umasiyanirana ndi mtengo wa pamsika pongomvera kamvekedwe. Chichokwe nachonso chili choncho. N'chifukwa chake ndikuti umuuze mwamuna wako akujambulire mawu onsewa pafoni ndi pakamwa pake, uzimvetsera ukuphika, ukuchapa, uli m'basi. Usathamangire kuloweza mawu 100. Tenga asanu patsiku, uwalankhule mokweza mpaka lilime lizolowere. Akakuseka pang'ono ukalakwitsa, usakhumudwe, funsa kuti kuchi, akubwerezere.

Tsiku lobwerera, usanakwere galimoto, upite kwa apongozi aakazi, ugwade, uombe m'manja, uti salenu kanawa. Ndi tsalani bwino wathu yemweyu, ngakhale khutu lako lamva. Kusala ndi kutsala.

Madzulo ano unditumizire uthenga wa mawu ukutchula moyo wenu, menekenu, twasakwila ndi salenu kanawa, ndimve pamene lilime likukodwa. Uwapatse moni amayi ako, uwauze kuti chitenje chopita nacho kwa apongozi ndagula kale, ndidzapatsira mlongo wako Loweruka.