Wangobinya kapena wathyoka? Bodza la "ukuponda, uli bwino"

Imani kaye, musadumphe vidiyoyi. Ngati munapindikapo phazi potsika kombi pa siteji ya Copacabana ku Harare, wina nkukuuzani kuti "aaa ukuponda bwinobwino iwe, sunathyoke", mphindi zisanu izi ndi zanu. Moni a ku Mbare, Mufakose, Epworth, ndi inu akumudzi ku Dedza amene mukuonera ndi kabandulo kotsala pang'ono. Dinani subscribe tipite.

Choyamba, mwachangu. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Pa akakolo pamakumana atatu, fupa lalikulu la msongolo, kafupa kowonda kakunja kotchedwa fibula, ndi talus amene amalowa pakati pa awiriwa ngati munsi mumtondo. Basi, za kusukuluzo zatha.

Chachiwiri, ndipo apa mundipirire chifukwa zimandipweteka mutu. Bodza lija. Kafupa kakunja kaja kamanyamula gawo laling'ono chabe la thupi lanu, ntchito yaikulu amagwira ndi msongolo, ndiye kakhoza kuthyoka inu nkumayendabe motsimphina mpaka ku Mbare Musika nkubwerako ndi tomato. Amalume anga anachita zomwezo. Anagwera m'dzenje usiku magetsi atazima, anadzuka okha, anafika pakhomo okha, ndiye aliyense amvekere mwangobinya amalume. Azakhali masabata atatu kuwathowa ndi madzi otentha, mnyamata wa pafupi kubwera kudzawakoka phazi ati alibwezere m'malo, iwo akuluma pilo. Mmene ankakajambulitsa, fupa linali litayamba kale kulumikizana mokhota. Mpaka lero nsapato yakumanzere amaivala osamanga zingwe.

Mumvekere kukhota pang'ono kuli ndi vuto lanji. Mvetserani. Mu 1976 madokotala awiri, Ramsey ndi Hamilton, anayesa pa miyendo ya anthu omwalira, nkupeza kuti talus akangosuntha milimita imodzi, imodzi yokha abale, malo amene mafupa amagundana amachepa ndi 42 peresenti. Thupi lomwe lija likutsamira pa kamalo kochepa tsiku ndi tsiku, pamapeto pake mfundoyo imaperepeseka, nyamakazi nkuyamba munthu usanakalambe. Ndiye wokukoka phazi uja, milimita imodziyo aiona ndi maso ake ati?

Nanga tidziwa bwanji? Ku Ottawa, Canada, dokotala Ian Stiell ndi anzake anatulutsa malamulo mu 1992 othandiza kudziwa amene akufunika X-ray. Kulephera kuyenda masitepe anayi ndi chizindikiro chimodzi, inde, koma sichokhacho ayi. Dinani ndi chala kumbuyo kwa timafupa totuluka tija, mbali zonse ziwiri za akakolo, kukwera m'mwamba masentimita 6. Fupa lenilenilo likamapweteka, osati mnofu, pitani mukajambulitse ngakhale mukutha kuvina. Chimodzimodzi m'mphepete mwa phazi kunjaku, pakati pa chidendene ndi kachala kakang'ono. Ndikudziwa X-ray ndi madola, sindikukhala kumwezi ine, koma zitsulo za opaleshoni yokonza fupa lokhota ndi madola angati?

Apa ndipume kaye. Achemwali anga ali ndi tebulo la nsapato kumsika wa Mupedzanhamo ku Mbare, zafulati zogwira bwino akakolo, mukanena kuti mwachokera pa vidiyo ino akuchotserani kenakake. Komanso like ija, mukuiwala.

Chachitatu, ena mumathawa chipatala poopa mpeni. Kafukufuku sakunena kuti aliyense ang'ambidwe. Ku UK mu 2016 anatsatira anthu 620 opitirira zaka 60 othyoka akakolo, ena anaikidwa zitsulo, ena chikhakha chomangidwa mothina bwino atagonetsedwa ku fiyeta, ndipo patatha miyezi 6 kayendedwe kawo kanali kofanana. Ovutika ndi mabala anachulukirapo mwa a zitsulo, pamene amene fupa linalumikizana mokhotako anachulukirapo mwa a chikhakha. Ku Norway nakonso, m'kafukufuku wa 2022, anatsatira anthu 526 oduka mtsempha waukulu wa kuchidendene uja, Achilles, umene umaduka anyamata a bola ya Lamulungu atatha zaka 35 koma mtima ukadali wa Dynamos. Patatha chaka ong'ambidwa ndi osang'ambidwa anali chimodzimodzi, kungoti mwa osang'ambidwa 6 pa 100 unadukanso, pamene mwa ong'ambidwa sanakwane ndi mmodzi yemwe pa 100. Ndiye dokotala akakupatsani njira ziwiri musamuone ngati sakudziwa ntchito, mufunseni zabwino ndi zoipa za iliyonse.

Chachinayi ndi ana obadwa ndi mapazi opindikira mkati. Si ufiti, ndipo njira ya Ponseti imawongola ndi zikhakha zosintha sabata ndi sabata mwana akadali khanda. Imeneyo ikufuna vidiyo yakeyake, ikubwera Lachisanu. M'makomenti mundiuze, kwanu amathowa ndi chani, chifukwa wina wandilembera kale za mafuta a nsato ndipo sindinagone.