Makalata a omvera: kodi kampani ingamange ndi kuyendetsa ndende?

Takulandirani omvera athu ku gawo la makalata. Sabata ino tasankha makalata atatu, ndipo onse akukhudza nkhani ya boma kugwirizana ndi makampani pomanga ndende, mgwirizano umene akadaulo amangoutchula kuti PPP.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwo alemba motere: "Ndende yaikulu ya mumzinda wathu inamangidwa m'chaka cha 1935, nthawi ya atsamunda, ndipo lero ikusunga anthu ochuluka kwambiri kuposa amene inamangidwira. Popeza boma limadandaula za kuchepa kwa ndalama, bwanji silikuitana makampani kuti amange ndende zatsopano ndi ndalama zawo, pamene lamulo lolola migwirizano yotereyi tili nalo kuyambira 2011?"

Zikomo bambo. Mawu amene ndikufuna tiwaunike bwino m'kalata yanu ndi akuti "ndi ndalama zawo". Pa mgwirizano wotere kampani imabwereka ndalama kubanki, imamanga ndende, kenako boma limailipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, kawirikawiri 25, potengera chiwerengero cha malo ogona akaidi amene ali okonzeka kugwiritsidwa ntchito. Pamsewu wokhala ndi zipata zolipirira, oyendetsa galimoto ndi amene amabweza ndalama zomangira, koma mkaidi salipira lendi, choncho tambala iliyonse imachokera ku msonkho wathu womwewu. Kuwonjezera apo, banki imabwereketsa kampani pa chiwongoladzanja chokwera kuposa chimene boma lingapatsidwe, ndipo eni kampani amayembekezeranso phindu lawo. Ubwino ulipo ndithu: ntchito imatha msanga, ndipo denga likadontha kapena mipope ikaphulika kampani imathamangira kukonza, chifukwa boma limadula malipiro pa chipinda chilichonse chosagwira ntchito. Komabe imeneyi ndi ngongole yolipira pang'onopang'ono, ndipo ikawerengeredwa mu madola, taganizirani mmene ikanatupira tsiku limodzi lokha mu November 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Kalata yachiwiri yachokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg. Iye akuti: "Kuno ndende za makampani zilipo kale, ndipo tonse tinaona manyazi amene anachitika Thabo Bester atathawa. Kodi si umboni wokwanira woti kampani siyenera kupatsidwa makiyi a ndende?"

Achimwene, mwatikumbutsa chitsanzo chapafupi kwambiri ndi kwathu. Dziko la South Africa lili ndi ndende ziwiri zomangidwa mwa njira imeneyi. Ya Mangaung, mumzinda wa Bloemfontein, inatsegulidwa mu 2001 ndipo inapatsidwa kwa kampani ya G4S kuti iziiyendetsa, pamene ya Kutama Sinthumule, ku Louis Trichardt, inatsegulidwa mu 2002. Iliyonse inamangidwa kuti izisunga akaidi pafupifupi 3,000. Bester, amene anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, anatuluka ku Mangaung mu May 2022 m'chipinda chake mutasiyidwa mtembo wopserera wa munthu wina, ndipo dziko linakhala pafupifupi chaka likukhulupirira kuti wamwalira, mpaka atolankhani ataulula nkhaniyi ndipo iye anagwidwa ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu April 2023. Zaka khumi m'mbuyomo, mu 2013, boma linalanda kwakanthawi utsogoleri wa ndende yomweyo chipwirikiti chitakula kutsatira sitalaka ya ogwira ntchito. Ku Britain nakonso boma linalanda ndende ya Birmingham m'manja mwa kampani mu 2018.

Ndisakondere mbali imodzi: akaidi amathawanso m'ndende za boma, ndipo ziphuphu sizisankha mwini ndende. Koma funso lanu la makiyi ndi lenileni, pakuti kumanga khoma ndi ntchito ina, kutsekera munthu ndi kumupatsa chilango ndi ntchito inanso. Dziko la France linasiyanitsa ziwirizi kuyambira 1987: makampani amamanga, amaphika, amachapa ndi kukonza zowonongeka, koma mkulu wa ndende, asilikali olondera ndi kaundula wa akaidi zimakhalabe m'manja mwa boma. Maganizo anga ndi akuti ngati Malawi angayese njira imeneyi, ayambire pamenepo. Pali chinanso chimene anthu amaiwala akamayamikira ukhondo wa ndende za makampani ku South Africa: mgwirizano wake sulola kuti mulowe akaidi opitirira chiwerengero chimene anagwirizana, moti zikadzaza, otsalawo amakathithikana kundende za boma.

Kalata yomaliza ndi ya mayi wina wa m'chigawo chapakati, ndipo sinditchula ndende imene akunena. Iwo alemba kuti: "Mwana wanga wakhala pa rimandi chaka ndi miyezi iwiri mlandu wake usanazengedwe. Ndikapita kukamuona ndimapeza miyendo yotupa, chifukwa akuti amagona chokhala, wina atatsamira pa mawondo a mnzake usiku wonse, ndipo amadya kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo. Kodi ndende yatsopanoyo idzamuthandiza?"

Pepani mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndisanabwere muno. Yankho loona ndi lakuti ndende yatsopano, kaya yamangidwa ndi boma kaya ndi kampani, imatenga zaka kuti ithe, ndipo mwana wanu sangadikire zimenezo. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma la Malawi, khoti linagamula kuti kuthithikana kotereku ndi nkhanza zophwanya malamulo a dziko, ndipo linalamula boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka m'miyezi 18. Zaka zapita, vuto lidakalipo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi anthu ngati mwana wanu, amene akudzaza malo khoti lisanawapeze olakwa. Tikamanga zipinda 3,000 koma milandu n'kumachedwabe chimodzimodzi, zipindazo zidzadzaza, ndipo boma lidzakhala likulipira kampani mwezi uliwonse posungira anthu amene mwina sanayenere kukhalamo n'komwe.

Malamulo a kazengedwe ka milandu, monga anakonzedwera mu 2010, anaika malire a nthawi imene munthu angasungidwe podikira mlandu wake. Choncho mayi, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau (bungwe la boma lopereka maloya kwa anthu ovutika) imene ili pafupi nanu mutatenga dzina la polisi kumene anamangidwira, tsiku limene anamangidwa ndi nambala ya mlandu ngati muli nayo, ndipo mukapemphe kuti akamupemphere belo kukhoti. Mukatero mutilemberenso kuti timve mmene zayendera.