Idyani zisanazizire

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Tithokoze kuti kwatichera. Mawu athu mmawa uno ndi aja tinaloweza tili ana, Mateyu 6:11, "Mutipatse ife lero chakudya chathu chalero." Ndiyambiretu ndi chomwe chili kumtima kwanga, chimene Mulungu waika patsogolo panu lero idyani chisanazizire, maso muwachotse kaye pachitseko cha kukhitchini.

Sabata ino yandilemera ndithu. Kontilakiti yanga kuntchito ikutha mwezi uno ndipo mabwana ali zii, kaya awonjezera kaya ayi palibe akunena, ndiye tulo sitikubwera, pakati pausiku dzanja limangopita lokha pafoni kukaona ngati kwalowa imelo, uku mutu ukuwerengera lendi, fizi ya ana temu ikubwerayi, mankhwala a mayi kumudzi. Pemphero langa linafika pomati Ambuye ndionetseni chaka chonse ndione, mwezi ndi mwezi, ndikatero mtima ukhala pansi. Ndili chogwada choncho ndi pamene ndinakumbuka chakudya china chomwe ndinadya ku Lyon, ku France, ntchito yomweyi itanditumiza kumaphunziro.

Otilandira anatitengera ku lesitilanti ina ya nyenyezi za Michelin. Michelin yake ndi yomweyi ya matayala, iwo anayamba mu 1900 kutulutsa kabuku kouza oyendetsa galimoto kokonzetsa, kogona ndi kodya, pambuyo pake anayamba kupereka nyenyezi, ndipo malo akapatsidwa zitatu ndiye kuti ndi oyenera munthu kunyamuka ulendo chifukwa cha chakudya chokhacho basi. Tebulo amabukiratu kudakali milungu. Tsono ife kwathu tinazolowera kuti nsima, ndiwo, masamba zonse zifike pamodzi, uone ndi maso kuti apa ndikhuta, kenako usambe m'manja. Kumeneko sizitero. Weta anabwera ndi mbale yaikulu yoyera mbee, pakati pake kanthu kakang'ono kongokwana kamwa limodzi. Tinadya, anachotsa mbale, tinadikira. Kunabwera kamsuzi m'kambale. Tinadikiranso. Kenako nsomba ya mumtsinje yomwe a ku Lyon amaipera nkuiumba ngati dzira, yofewa, ili mumsuzi wa nkhanu, kenako nkhuku ya ku Bresse yomwe Afalansa amainyadira kwambiri, kenako tchizi pakangolo, zotsekemera kumapeto, ndipo pofika pamenepo maola apita ndipo takhuta tonse mpaka ena kusiya. Koma poyamba paja, pa kanthu kakang'ono kaja, palibe mwa ife alendo amene akanakhulupirira kuti atuluka wokhuta.

Ambuye amatidyetsa chonchi abale. Mbale imodzi, kenako ina. Ife timafuna poto yense patebulo.

Chomwe chandigwira kwambiri sabata ino ndi mnzathu wina amene tinali naye patebulopo. Iye njala inali itamupweteka, ndiye mbale iliyonse ikafika amangoti kodi chenicheni chibwera liti, khosi lili chotembenukira kuchitseko chomwe maweta amatulukira. Nsomba ija inafika ikutuluka nthunzi, chifukwa m'malo ngati amenewa wamkulu wa ophika amaima pomwe mbale zimatulukira nkuona iliyonse, ndipo za tebulo limodzi zimatuluka nthawi imodzi kuti aliyense adye zili pa kutentha kwake. Mnzathuyo anaichedwetsa akufunsa za nyama, pomadzailawa nkuti msuzi utagwirana, batala wauma m'mbali, nkumati sikukoma. Nsombayo inali yomweyo imene ife tinadya tikutseka maso chifukwa cha kukoma.

Inu amene mukuwerenga, ndi angati mwa ife tili chotembenukira kuchitseko? Mwana wanu dzulo anabwera ndi kope kuti muone mmene wakhozera, munangoti ika apo, maso ali pafoni kudikira meseji ya ndalama. Amuna anu kapena akazi anu anakuyankhulani bwino, inu munayankha mokalipa chifukwa viza sinatuluke. Thupi lili bwino, mwadzuka nokha popanda wokudzutsani, imeneyo ndi mbale ya lero ndipo ikuzizira. Ndikuyankhula mwachikondi, chifukwa mawuwa ayamba kundilasa ine ndisanawalembe. Idyani.

Mayi wina wa ku Lyon amene anakhala pafupi nane patebulo lija anandifotokozera za msuzi womwe unali pansi pa nkhuku ija, timasupuni tiwiri tokha. Anati umenewo sunayambe lero. Mafupa amayamba awawotcha, nkuwawiritsa pamoto wochepa maola ambirimbiri wina akuyengula thovu, nkusefa, nkubwezeranso pamoto mpaka mphika waukulu utsale pang'ono pansi, ndiye kukoma konse kumasonkhana mmenemo. Ife tinakhala kuchipinda kodyera komwe kunali bata, nyimbo chapansipansi, osamva ngakhale phokoso la chiwaya, pamene kuseri kwa chitseko anthu ali thukuta kamukamu chiyambire mmawa, wina wa nsomba, wina wa nyama, wina wa misuzi, wina wa makeke, aliyense pamalo pake. Ndiye ine ndikamati Ambuye mwakhala chete bwanji, ndikuiwala kuti ndakhala mbali ya chitseko yomwe sikumveka kanthu. Moto sunazime ayi. Pali zina zomwe akukuphikirani zoti zikatuluka msanga zikhala madzi okhaokha.

Ku Lyon komweko amakumbukabe mayi wina, Eugénie Brazier. Anabadwa mu 1895 kumudzi, mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 10, anakula akugwira ntchito m'mafamu a anthu, kenako anapita mutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba ndipo kuphika anakuphunzirira m'khitchini ya abwana. Mu 1921 anatsegula kalesitilanti kake, ndipo mu 1933 malo ake awiri analandira nyenyezi zitatu aliwonse. Paul Bocuse amene dzina lake linamveka dziko lonse anadzaphunzira ntchito kwa mayi ameneyu. Tsiku lomwe mayiyu ankakolopa pansi m'nyumba ya eni palibe anamuonetsa 1933, anangopatsidwa ntchito ya tsikulo nkuigwira. Sindikunena kuti tonse tidzatchuka, zimenezo ndi nkhani za alaliki ofuna chopereka. Ndikunena kuti kantchito mukukanyozako, kaganyu, kabizinesi ka mandasi, kakhoza kukhala mbale yoyamba chabe, ndipo ngakhale katakhala komweko basi, wakupatsani ndi Atate.

Ana a Israele mukuwadziwa, mana aja amene anasungira mawa anadzuka ali mphutsi.

Pali chinthu china chomwe sindingachibise. Sindinalipire ine tsiku limenelo, koma mitengo ndinaiona, ndipo mtima unandipweteka chifukwa ndalama ya munthu mmodzi pamenepo kwathu banja lonse likhoza kudya nthawi yaitali. Ndikudziwa kuti muno muli ena amene mbale yanu lero si yaing'ono ayi, ilibiretu kanthu, ufa unatha dzana ndipo ana apita kusukulu chosadya. Kwa inu sindingangoti dikirani nkutseka foni. Paja pempherolo likuti mutipatse ife, silikuti mundipatse ine. M'lesitilanti muja wophika sanatuluke yekha kudzatipatsa chakudya, anatuma maweta, ndipo weta sadya mbale yomwe wapatsidwa kuti akapereke. Inu amene muli ndi thumba la ufa lodzadza, mwina zina mwa zimenezo si zanu, mwangonyamulitsidwa kuti mukatule pakhomo loyandikana nalo, ndipo nazonso zikuzizira m'manja mwanu pamene mukuti ndiona kumapeto kwa mwezi. Pitani lero lomwe musanapite kuntchito.

Za kontilakiti yanga sindinamvebe kanthu. Ndipita ku ofesi mmawa uno, ntchito ya lero ilipo ndipo ndikaigwira ndi mtima wonse, madzulo foni ndiisiya kuchipinda ndikhale ndi ana.

Tipemphere. Atate, zikomo chifukwa cha chalero. Mitima yathu ikuthamangira mawa, igwireni. Kumbukirani amene agona ndi njala, amene akudikira zotsatira zakuchipatala, amene akudikira ntchito ndi mapepala kunja kuno ndi kumudzi, ndipo mutume ife amene tili nako kangachepe tikawafikire lero. M'dzina la Yesu, Amen.

Mukandikumbukireko m'mapemphero Lachisanu, ndi tsiku lomwe akuluakulu akuntchito akukumana.