Mphwanga, mvera izi usanasewere gemu yako yoyamba Lamulungu

Eee mphwanga, ndi ine. Ndati ndingojambula mawu chifukwa kulemba zonsezi pa foni sindingamalize. Kaputeni wandiuza kuti wakuika pa timu ya kiriketi ya Lamulungu, ndasangalala kwambiri, ndiye mvetsera.

Choyamba zovala... ayi dikira kaye, ndiyambe ndi zimene unandifunsa dzulo zija, zoti tili nambala chani pa ligi. Ife a Lamulungu tilibe ligi. A Loweruka aja ndi amene ali mu ligi, amalimbirana mapointi. Ife timasewera ma friendly, mudzi wathu uno ndi midzi ina yozungulira kuno ku Leicestershire ku England, kuyambira chakumapeto kwa Epulo mpaka Seputembala, ulendo uno kwathu, ulendo wina kwawo. Chikho palibe. Koma usaone ngati ndi masanje ayi, midzi ina yakhala ikukumana chaka ndi chaka kuyambira kale ife tisanabadwe, ndipo mukawakhumudwitsa chaka chamawa sakuikaninso pa ndandanda wawo.

Nchifukwa chake ukanena kuti ubwera, bwera. Yang'aniratu rota ya kuntchito usanayankhe pa gulu la WhatsApp lija. Panali mnyamata wina, sindimutchula, tinamuuza zimenezi, iye aaa ndibwera ndibwera, Lamulungu m'mawa ndi uyo watumiza meseji kuti wapatsidwa shifiti. Tinapita anthu 10, malo a munthu mmodzi pululu, mpira umangodutsa pomwepo tsiku lonse. Kaputeni sanamukalipire, anthu akuno sakalipa, anangosiya kumuitana basi. Timu ndi anthu 11, ukasowa iwe ena onse avutika.

Chabwino, zovala. Zoyera zokhazokha, malaya ndi thalauza, ndipo juzi usaisiye ngakhale m'mawa kuwale bwanji, chifukwa ukaima kumalire uko maola awiri mphepo ya kuno imalowa mpaka m'mafupa. Mapadi, magolovesi ndi helimeti zili m'chikwama cha kalabu, ubwereka. Bokosi yokha ugule yako. Ukudziwa bokosi? Kachotetezera kumaso kuja, kovala mkati mwa kabudula. Imeneyo sabwerekana, ndipo usalowe kukamenya ulibe, mpira uja ndi wolimba, umalemera magalamu cha m'ma 160, si mpira wa tenesi umene mumaseweretsa pa car park uja. Helimeti kwa ana osakwana zaka 18 ndi lamulo, iwe wadutsa pamenepo koma vala ndithu, osachita manyazi poona madala ena akulowa ndi kapu.

Bati yatsopano ija unati ukufuna kugula, thabwa lomenyera mpira lija, usabwere nayo Lamulungu lino. Imafunika kuipaka mafuta a linseed pang'ono kenako kuigogoda ndi kahamala kamtengo kwa maola angapo, pang'onopang'ono, makamaka m'mbali ndi kumunsi, kuti thabwa lilimbe. Wina anagula yodula, tinamuuza, anati za makolo zimenezo, mpira utangomenya kumunsi bati inang'aluka tsiku loyamba lomwelo.

Tikakhala kwathu fika ola lathunthu gemu isanayambe. Pali kuchotsa ma cover otchinga pichi ku mvula, kuyala chingwe cha malire, kukankha ma sightscreen, zotchinga zoyera zija zothandiza womenya kuona mpira, zimenezo ungoona anzako. Koma pichi, pakati paja, mayadi 22 aja, usayendepo chisawawa. Mdala amene amaisamala uja amaitenga ngati nazale ya fodya, sabata yonse amakhala akutchetcha ndi kupondereza ndi rola popanda womulipira. Ukamathamanga uzidutsa m'mbali, osati pakati.

Tsopano pothamanga pomwepa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa kumenya uphunzira, kuponya uphunzira, koma apa ndi pamene anthu amavulazana. Mukakhala awiri mkati, mpira ukamenyedwa, mmodzi ayenera kuitana. Mmodzi, osati nonse. Ndipo mawu ndi atatu okha: yes, no, wait. Basi. Mokweza, nthawi yomweyo. Usanene kuti go. Ndibwerezenso, usanene kuti go, chifukwa pa mtunda wa mayadi 22, ndi mphepo, ndi helimeti kumutu, mnzako amamva no.

Zinatichitikira ife, ine ndili mkati. Ndinali kumbali ya woponya, mnzanga ndi amene amamenya, bambo wachikulire amene anayamba kiriketi atakula kale, munthu wabwino kwambiri. Anamenya mpira kutsogolo, nkukuwa go, ine ndinamva no, ndinaima pa mzere wanga. Kudzutsa mutu ndikuona bambo aja afika kale pakati pa pichi akubwera kwa ine. Ataona kuti sindikusuntha anatembenuka mwadzidzidzi kuti abwerere, mnofu wa kuseri kwa ntchafu nkukokeka, anagwa pomwepo. Anawatulutsa, komanso sizoni yonse yotsalayo sanasewerenso, amangobwera kudzalemba masikolo akutsimphina. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira, chifukwa cha rani imodzi yokha imeneyo, kuthamanga kamodzi kuchoka mzere uno kukafika winawo.

Ndiye amaitana ndani? Apa mvetsetsa. Mpira ukapita kutsogolo kwa womenya, komwe iye akuuona, amaitana womenyayo. Ukapita kumbuyo kwake, kudutsa kipa kapena chakumbali kumbuyo, amaitana winayo, amene ali kumbali ya woponya, chifukwa ndi amene akuuona bwino. Kaya ukundimva? Tiyerekeze iwe ukumenya, mpira wakhudza m'mphepete mwa bati wathawira kumbuyo. Usatembenuke kuusaka, usanene kanthu, yang'ana mnzako, iye akuuza. Akati yes thamanga, akati no khala. Tiyerekezenso wamenya bwino mpira wapita kutsogolo kwako, pamenepo pakamwa ndi pako, mnzako akudikira iwe. Ukangokhala chete iye sadziwa chochita.

Wait ija tanthauzo lake ima kaye ndione ngati mpira umudutsa munthuyo, kenako pamabwera yes kapena no. Siimathera pa wait. Ndipo no, eee iyi ndi yofunika, no aliyense mwa awirinu atha kuinena, ngakhale si nthawi yake yoitana, ndipo ikangomveka nonse mubwerere, zokambirana pambuyo. Ukaona kuti mnzako ndi mdala wa zaka 60, usamuitanire marani othina ngati uli ndi mnyamata mnzako, miyendo yanu si yofanana.

Ukamafika kumzere, bati pansi. Uzikhwekhwereza pansi ukadali patali mpaka idutse mzere. Kukhala pamwamba pa mzere sikokwanira, idutse, ndipo ikhale yagunda pansi. Bati ili m'malere ngakhale yadutsa, watuluka. Ndipo pothamanga rani yachiwiri tembenukira mbali imene kuli mpira, usaupatse msana. Aaa ndayiwala, ukakhala kumbali ya woponya, usachoke pa mzere mpira usanachoke m'manja mwake, lamulo limamulola kukutulutsa.

Gemu yathu nthawi zambiri ndi maova 40 mbali iliyonse, ova imodzi mipira 6, woponya mmodzi osapitirira maova 8, ndiye aliyense amapezako mpata. Midzi ina imakonda gemu ya nthawi, yoti oyamba kumenya amasiya ikakwana nthawi ya tiyi, ndipo itha kuthera draw, makaputeni amagwirizana okha asanaponye ndalama. Ukamva tikuwombera m'manja womenya wa timu inayo akamalowa, kapena akafika 50, womba nawo, ndi mwambo wake.

Za ampaya, refu wa kiriketi. Pa ma friendly kawirikawiri sipakhala ampaya wochokera kwina, timu imene ikumenya ndi imene imatulutsa anthu awiri kukaimira, mosinthana. Ndiye tsiku lina adzakupatsa jekete yoyera ndi timiyala 6 towerengera mipira. Sabata ino ukane mwaulemu, unene kuti sunadziwe bwino LBW, lamulo lotulutsa womenya akatchinga ndi mwendo mpira umene ukanagunda timitengo, akakuika kumbali kuja, ku square leg, kumene ntchito yake ndi kuyang'ana mzere. Ndipo iwe ukamamenya, ampaya akakweza chala, tuluka. Osayang'ana bati, osapukusa mutu, ngakhale ukudziwa kuti walakwitsa. Amene wakutulutsayo ndi mnzako wa timu yomweyo, zamuvuta kale mumtima. Tinali naye wina wokonda kutsutsa, wozolowera za mpira wamiyendo zozungulira refu, anachita phokoso pa mudzi wina wake, kaputeni anachita kukapepesa yekha gemu itatha.

Malovu pa mpira ayi. Kale anthu ankapaka kuti mbali imodzi iwale, koma a MCC, eni malamulo aja a ku Lord's, analetseratu mu 2022. Thukuta lokha, nkupukuta pa thalauza.

Kenako tiyi, pakati pa gemu. Masangweji, makeke, tiyi wa mkaka. Alendo ndi ma ampaya ayambe ndiwo kutenga, ife eni mudzi pambuyo, ndipo usadzaze mbale ngati tikukafilida tikatha, udzalephera kuwerama. Amene akonza uwathokoze, ndi anthu ongodzipereka, ndipo kapu yako ukaibweze kukhitchini. Tikakhala kwathu aliyense amabweretsako kenakake, ine ndinabweretsapo mandasi anatha onse, ndiye ngati alamu angakazinge usachite manyazi.

Gemu ikatha gwiranani chanza ndi onse, kenako usathawe. Chingwe chikulungidwe, ma cover abwerere, mipando ilowe. Match fee upereke tsiku lomwelo kwa kaputeni, asachite kukutsatira, ndalama imeneyo ndi yogulira mipira ndi mafuta a makina otchetchera. Tikatero timakhala pang'ono ndi alendo ku bala, sukakamizidwa kumwa mowa, Fanta ilipo, chachikulu ukhalepo ndithu ngakhale mphindi 20, chifukwa gemu ya chaka chamawa imapanganidwa pamenepo.

Mvula ikagwa m'mawa usaganize wekha kuti gemu yalephereka, dikira meseji ya kaputeni, kuno kumagwa mvula 10 koloko, 1 koloko anthu ali m'bwalo. Basi ya Lamulungu kumudzi kuja njosadalirika, ndiye ndidzakutenga ine pa galimoto hafu 11, udzakhale utadya kale. Lachitatu madzulo kuli ma nets, pulakatisi ya m'maukonde, ubwere tidzayeserere kuitana kuja, ine ndi iwe, mpaka pakamwa pazolowere.