Uthenga wa mawu kwa mphwanga wopita kukajambula nthano ku Tsaile

Halo mphwanga, ndine. Uthenga wako ndauona, ndiye ndati ndingolankhula, zolemba ndatopa nazo. Ukuti Loweruka mukupita ndi mnzako uja wa kusukulu kukajambula nthano kwa agogo ake kufupi ndi Tsaile, m'dera la anthu a Navajo ku Arizona, ku America, eti? Chabwino. Tamvera.

Rekodayo... iyayi, ndisayambe ndi rekoda. Mnzakoyo agogowo wawapempha, kapena wangowauza kuti tikubwera ndi makina? Umufunse. Adiné, paja eni ake amadzitcha Diné, la Navajo lija linabwera ndi Asipanishi, ali ndi nthano zomwe sizinenedwa nthawi ina iliyonse. Za Ma'ii, nkhandwe yawo ija azungu amati coyote, zimanenedwa m'nyengo yozizira yokha, chisanu chikagwa koyamba mpaka bingu loyamba litagunda. Ngati mmene agogo kwathu ankatikanizira nthano masana, koma uku amawerenga miyezi. Nyimbo za hataałii, asing'anga awo oyimba pa miyambo ya machiritso, zimenezo usafunse n'komwe. Za kudambwe zimajambulidwa ndi mlendo? Basi wamva. Tsono ngati ndi za pabanja, agogo ndi mdzukulu wawo, mawu omaliza ndi a agogowo. Koma zikangolowa mu kafukufuku wa kuyunivesite, pali ofesi ku Window Rock, likulu la boma la Adiné, ya Heritage and Historic Preservation, komanso bungwe loona za kafukufuku wokhudza anthu, Navajo Nation Human Research Review Board. Kalata ya kusukulu kwako payokha sikwanira, kumeneko kuli boma lake.

Eya, rekoda tsopano. Kaya ndi Zoom kaya Tascam, zonse zimagwira ntchito. Lowa mu menyu usankhe WAV, osati MP3. WAV, 24 bit, 48 kHz, khadi ikakhala yaikulu uike 96. MP3 imataya mbali ina ya mawu kuti fayilo ichepe, ndipo zotayikazo sizibwerera. Chinenero chawocho chili ndi kakwezedwe ka mawu ngati chathu, mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika, kuphatikizapo mawu a m'mphuno ndi ena odukira kukhosi. Amene adzalembe papepala adzafuna kumva kalikonse.

Mabatire tenga ambiri, a lithium ngati ungawapeze. Nyumba zambiri kumeneko zilibe magetsi, ndipo kuzizira kumatha mabatire ngati akumwedwa. Osungira uwaike m'thumba la mkati mwa jekete, pafupi ndi thupi.

Mukafika, ngati ndi mu hooghan, nyumba yawo ija khomo lake limayang'ana kum'mawa, ukalowa uzungulire cha kumanzere, ungotsata mnzakoyo, akakulozera pokhala. Pakati pamakhala mbaula. Nkhuni zimathetheka, ketulo imalira, ndiye maikolofoni ikhale kumbali kwa agogowo, osati pakati pa iwo ndi moto. Kutalikirana kwake ndi agogowo, kuchokera pachigongono kufika kuzala, kapena kuchepera apo. Ukapeza wailesi ya KTNN ikulira, mnzakoyo ndiye apemphe kuti aitsitse, osati iwe. Vala mahedifoni. Timizere todumpha tija tosonyeza kukula kwa mawu tizifika cha pa -12, tikagunda 0 mawu aphwanyika. Mukakhala panja, kaubweya kotchinga mphepo kaja uveke pa maikolofoni, mphepo ya kumeneko ilibe ulemu.

Ndiye batani lofiira. Apa, apa ndiye undimvetsere, chifukwa ine zinandionekera.

Marekoda ambiri ukadina batani lofiira kamodzi sayamba kujambula. Amangokonzeka. Kagetsi kamaphethira, timizere timadumpha, m'mahedifoni ukumva chilichonse bwinobwino, mpaka mpweya wa munthu. Koma palibe chikulowa mu khadi. Uyenera kudinanso kachiwiri, kagetsi kasiye kuphethira kangoyaka, ndipo manambala a nthawi aja ayambe kuyenda. Manambala. Usakhulupirire kagetsi, usakhulupirire makutu ako, ona manambala akuyenda.

Ine ndinapita ndi mnzanga wina kwa agogo ake cha ku Chinle, tauni ina ya Adiné, kumapeto kwa nyengo yozizira. Tinadya kaye nyama ya nkhosa, tinacheza, usiku ndiye agogo aja anayamba nthano za Ma'ii. Ola lathunthu ndi kanthu. Ine chinenerocho sindinkamva, koma mnzanga uja ankaseka mpaka misozi, ana ali phee pa chikopa. Ine ndakhala apo mahedifoni kumutu, ndikudziyamikira kuti mawu akumveka bwino zedi. Kagetsi kakuphethira ndikukaona, ine ndimati ndi mmene kamachitira. Atamaliza ndadina loyimitsa, ndikuti ndifufuze fayilo... kulibe. Ndinatuluka panja ngati ndikukataya madzi, ndayang'ananso ndi tochi. Kulibe. Ziro ziro ziro.

Ndinawauza m'mawa mwake, manyazi ali tho. Anangoseka, akuti mudzabwerenso. Koma ntchito inandigwira, ndinabwerera patatha masabata angapo, ndipo bingu linali litagunda kale. Anatiphikira, anaticheza za nkhosa zawo, za agogo awo omwe asilikali a America anawakakamiza kuyenda ulendo wa mu 1864 wopita ku Hwéeldi, ku Fort Sumner, zimenezo analola tijambule. Za Ma'ii anati tidikire chisanu. Miyezi yonse ija, chifukwa cha chala chimodzi.

Ndiye ukadina, werenga mumtima mpaka manambala afike pa 5. Pakapita mphindi zingapo uyang'anenso. Wamva? Kudina kawiri, kapena kamodzi ngati yakoyo ndi ya kamodzi, iyese lero kunyumba, osati kumeneko.

Ndimati chiyani... eya. Poyambirira unene tsiku, malo, ndi amene alipo. Kenako agogowo adzitchule mwa chikhalidwe chawo, amatchula mafuko anayi, la amayi poyamba chifukwa amatsata kuchikazi ngati ife, kenako la abambo, kenako la agogo aamuna a mbali zonse ziwiri. Usawadule pamenepo. Ndipo iwe pakamwa tseka. Ife tinazolowera kuvomera, eee, eee, tili tonse. Uko ayi, zonsezo zimalowa mu rekoda. Akakhala chete nthawi yaitali usazimitse, sanamalize, akuganiza. Osawayang'anitsitsa m'maso.

Mukabwerako tsiku lomwelo koperani. Makope atatu: pa kompyuta, pa hard drive, lina likakhale nyumba ina. Khadi usafufute usanamvetsere makopewo mpaka kumapeto. Dzina la fayilo likhale chaka, mwezi, tsiku ndi malo, osati final final 2 zija mumachita. Ndipo ulembe pambali, mu kafayilo kena, kuti iyi ndi ya m'chisanu yokha, iyi ndi ya banja lokha. Uwafunse eni ake, fayilo iliyonse payokha. Pali pulogalamu yotchedwa Mukurtu, inayambira kwa Awarumungu ku Australia, imalola eni nkhani kusankha amene amve chiyani, mwina mnzakoyo afunse ku Diné College pomwepo ku Tsaile mmene iwo amasungira zawo.

Panali mnyamata wina, ndinamuuza zonsezi, anati ankolo zimenezo n'zachikale. Anajambula pafoni, nadula kachigawo n'kukaika pa Facebook mwezi wa July, kumeneko nthawi yotentha, nthano ya m'chisanu. Azakhali a mwini nkhani anaiona. Sanakalipe ayi, anangosiya kumuyankha, pakhomo paja sanapondeponso. Foniyo inadzamuthyokera chaka chomwecho, analibe kope lina.

Komanso, ndisaiwale, mawuwo si ako. Ngakhale rekoda ndi yako, mabatire wagula ndiwe. Barre Toelken, mphunzitsi wamkulu wa za nthano, anajambula Hugh Yellowman kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1960, matepi a maola oposa 60. Mkuluyo atamwalira, banja linada nkhawa kuti matepiwo akakhala ku malo osungira zakale wina adzawaliza nyengo yolakwika, kuonjezera apo ndi mawu a munthu wakufa, zomwe iwo samazitenga mopepuka. Toelken anawabweza onse kwa banjalo cha mu 1997. Anzake ena anati wataya chuma. Ndiye funso limeneli uwafunse agogowo akadali moyo, mwaulemu, kudzera mwa mdzukuluyo: tsiku lina inu kulibe, izi tidzatani nazo? Yankho lawo ulijambulenso.

Ahéhee' ndiye zikomo, uyeserere panjira, mnzakoyo akuseke kaye iyeyo. Usapite chimanjamanja, ufa, khofi, shuga. Ndipo galimoto muthire mafuta ku Chinle, osadalira za kutsogolo. Aaa, foni ikutha moto, ndiyimbire Lachisanu rekodayo ili m'manja tiyese limodzi batanilo.