Mtolo wa nkhuni pakhomo la wodwala

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo. Anyamata mwabisala kuseri kwa mango uko, senderani kuno, nkhaniyi ndi yanunso.

Mwandipempha kuti ndilankhule za nthawi ya korona. Ndikudziwa ena mumtima mukuti zakalezo zabwereranjinso, ife tikulira feteleza. Zoona. Koma ine ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ndaigwira m'midzi ino mpaka imvi, ndipo palibe nthenda imene inatizunguza mitu ngati imene ija. Kolera timaidziwa, ukathira kolorini m'madzi, ukasamala chimbudzi, wathana nayo. Korona inabwera n'kutiletsa zinthu zimene timadziwira kuti munthu ali ndi abale. Moni wa pamanja, ayi. Kukazonda wodwala, ayi. Kugona pamaliro, ayi. Tinatsala osadziwa kuti chikondi tichionetsa bwanji.

Tikumbutsane kaye mmene zinayendera. Pa 20 Marichi 2020 a Peter Mutharika, ali pulezidenti, analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo pa 23 sukulu zonse zinatsekedwa. Pa 2 Epulo tinamva pa wailesi kuti anthu atatu apezeka ndi kachilomboka ku Lilongwe. Kenaka boma linati kukhale m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, aliyense pakhomo pake. Mavenda anakwiya ku Limbe ndi m'matauni ena, nkhani inafika ku khoti, ndipo pa 17 Epulo khoti lalikulu linaimitsa m'bindikirowo. Funso la anthu linali limodzi: tikadzitsekera tidya chiyani?

Funso limenelo kuno ku Mulanje linali lolemera. Mayi amene amadzuka mbandakucha kukagulitsa nanazi kapena makaka ku Limbuli amadya za tsiku lomwelo. Wa kabaza wa pa Muloza amadalira anthu owoloka kupita ku Milanje, ndiye chipata chikavuta naye m'thumba mwauma. Anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula anangokhala manja lende, alendo atasiya kubwera. Boma linalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika, koma zinali za m'mizinda, Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ife kumudzi tinatsala ndi anansi athu basi.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga, chifukwa wophunzitsa anzake asamadzipatule. Ife alangizi tinkayenda m'midzi n'kumati musayandikane, musayandikane. Mawuwo anali oona, koma tinanena theka lokha. Anthu anamva kuti wodwala kapena womuganizira ndi wothawidwa. Cha mu Meyi 2020 mabasi anayamba kubweretsa abale athu ochokera ku Joni kudzera ku Mwanza, ndipo mukukumbuka kuti mazana a iwo anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre pamene anawasunga. Mantha anafalikira paliponse. M'mudzi wina umene ndinkayendera, sinditchula dzina, munafika mnyamata wochokera ku Joni. Ndinapita, ndinaima pabwalo, ndinamuuza kuti akhale m'nyumba masiku 14. Anavomera mwaulemu. Ine n'kukwera njinga yanga kumapita, mtima uli mbee, ndikuti ntchito ndagwira.

Patapita masiku atatu ndinamva kuti mayi ake awathamangitsa pa mjigo. Ana a pakhomopo anzawo ankawathawa akuwakuwiza kuti akorona. Ndiye tandiuzeni, banja lopanda madzi likhala bwanji m'nyumba masiku 14? Mnyamata uja anayamba kutuluka usiku, kukatunga madzi, kukagula sopo pa wokala ya kutali kumene sankamudziwa. Kumusala kuja sikunateteze munthu. Kunangomutulutsa mumdima, kumene palibe amene akanadziwa kuti wakumana ndi ndani.

Amene anakonza zinthu si ine. Anali gogo wina wa mvano, wosadziwa n'kulemba komwe. M'mawa ankatula ndowa ya madzi ndi kamtolo ka nkhuni pamphepete pa bwalo lawo, n'kuima patali, n'kufuula kuti odi kuno, mwadzuka bwanji? Akayankhidwa, ankabwerera. Anzake a mvano anachita manyazi, anayamba kusinthana, lero uyu wabweretsa chigwada, mawa uyo ufa m'kambale. A mfumu atamva anaitana komiti ya mjigo n'kuidzudzula. Mnyamata uja anamaliza masiku ake osatulukanso, ndipo sanadwale n'komwe.

Gogo uja anazindikira chimene ife ophunzira tinalephera kufotokoza. Kachilombo kaja kamayenda ndi mpweya ndi timalovu totuluka munthu akamatsokomola, kuyetsemula, kuyimba kapena kulankhula pafupi. Kamakonda m'nyumba mothithikana, mawindo ali chitsekere, anthu atakhalitsa. Panja pamphepo, mutatalikirana, mphamvu yake imachepa kwambiri. Choncho chimene chinali choopsa ndi kuunjikana. Kuthandiza kunalibe mlandu. Mtolo wa nkhuni wotula pakhomo supatsira munthu chifuwa. Lamulo loti wodwala akhale pakhomo amalilemba ku Lilongwe, koma amene amachititsa kuti litheke ndi mnansi amene wavomera kumutungira madzi.

Pa maliro ndiye panali povuta zedi. Mu Januwale 2021 matenda anabweranso mwaukali. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo ngakhale aja ankati korona ndi ya azungu anakhala chete. A Chakwera, amene anali pulezidenti nthawi imeneyo, analamula kuti pamsonkhano pasapitirire anthu 50, ndipo ikakwana 9 koloko usiku aliyense akhale ali kwawo. Anthu 50 pamaliro a kuno! Adzukulu okha ndi angati? Akuchimuna, akuchikazi, a kwaya? Timati maliro n'kulirana, ndiye umuuza bwanji munthu kuti iwe usabwere?

Midzi ina inangonyozera, anthu n'kumagona mothithikana m'nyumba ya siwa usiku wonse akuyimba, ndipo patapita sabata ziwiri timamva kuti agogo akuti akubanika. Sindikunena kuti aliyense anatengera pamenepo, koma njira yake ndi yomweyo, ndipo amene inkawagwetsa kwambiri ndi okalamba, a shuga ndi a BP. Koma kunali midzi ina imene inachita mwanzeru. A mfumu ankatuma nduna zawo kuyenda khomo ndi khomo kutolera chipepeso, ufa ndi nkhuni, kuti amene sanapite asaoneke ngati wakana maliro. Mwambo unkachitikira panja, mwachidule. Ndiye chimene chinandikhudza ine ndi ichi: anagawana masiku. Mmalo moti mudzi wonse ubwere usiku umodzi, ankapita awiriawiri, atatuatatu, kukakhala ndi wamasiye pakhonde, mpaka mwezi wathunthu. Mayi wina wamasiye anandiuza kuti pa maliro akale anthu akangochoka kumanda nyumba imati zii, koma nthawi ija sanagonepo osamva odi. Ine ndimati mwambo umenewo tikanausunga ngakhale mliri unatha.

Amayi a banki mkhonde, ndikuonani uko. Magulu ena anagwa nthawi ija chifukwa geni itaima anthu analephera kubweza ngongole, ndipo kunali kulandana mbuzi ndi ziwiya. Amene anapulumuka ndi aja amene anali ndi kathumba kapadera ka zadzidzidzi, komwe aliyense amaponyamo kangachepe sabata iliyonse, kosabwereketsa ndi chiwongoladzanja. Kathumba kameneko kanagula sopo, kanalipira kabaza wopita ndi wodwala kuchipatala. Ena anagwirizana kuimitsa chiwongoladzanja kwa miyezi ingapo. Ngati gulu lanu lilibe kathumba kotere, kakambiraneni sabata ino. Matelala nawo anatithandiza, ankasoka mamasiki a zitenje otsika mtengo, ndipo anyamata anakhoma mipondagiya pa zitseko za matchalitchi ndi mizikiti. Izo zinayenda bwino, sinditayapo nthawi.

Pamene tinagwa chagada ndi pa ana athu aakazi. Sukulu zinakhala zotseka kuyambira Marichi mpaka Seputembala, makalasi ena mpaka Okutobala. Boma litawerengera linapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba m'dziko lonse m'miyezi imeneyo, ndipo ena masauzande atalowa m'banja ali ana. Tonse maso anali pa chifuwa, palibe amene ankafunsa kuti mwana wa uje wa Sitandade 7 akuswera kuti makolo ali ku esiteti kothyola tiyi. Enafe tinkaona mwana akukwera njinga yamoto ya bambo wamkulu, n'kumati si mwana wanga. Mawu amenewo anatidyera ana. Amayi a mother group anayesetsa kubwezera ena kusukulu, koma ambiri sanabwerere, ndipo ena mwa iwo ali pompano, ana ali kumsana. Musawayang'ane, mlanduwo ndi wathu akuluakulu.

Za katemera ndinena pang'ono. Anafika mu Marichi 2021, koma mphekesera za pa WhatsApp zinali zitafika kale, zoti ukabayitsa subereka, zoti ndi chizindikiro cha chilombo. Mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha katemera oposa 19,000 amene anatha nthawi asanagwiritsidwe ntchito. Ine ndinkafotokoza mpaka mawu kusasa, anthu osasuntha. Tsiku limene a mfumu ndi abusa anapinda malaya awo pamaso pa anthu, mzere unafika kumsewu.

Mukukumbuka namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, madzi ndi miyala zikutsika m'phiri, misewu itaduka. Magalimoto a thandizo asanafike, amene anatulutsa anthu m'matope ndi kuwaphikira phala m'makalasi anali anansi omwe aja. Ndipo m'midzi imene inkadziwa kale kuti nkhalamba yogona yokha ili nyumba iti, wolumala ali kuti, ana amasiye akusungidwa ndi ndani, anthu ankathamangira khomo lolondola.

Ndiye chimene ndikupempha lero n'chaching'ono, a Gulupu mundilole. Mudzi uliwonse ukhale ndi kope. Mulembemo okalamba okhala okha, odwala matenda a mgonagona, amayi oyembekezera, makomo oyendetsedwa ndi ana. Pambali pa dzina lililonse mulembe anthu awiri oyandikana nawo amene avomera ndi pakamwa pawo kuti zikavuta, madzi ndi nkhuni za pakhomo limenelo ndi zawo. Awiri, chifukwa mmodzi akhoza kudwala naye. Kopelo lizikhala kwa a mfumu, ndipo alangizi a zaumoyo amene alipo panopa azilionanso pakatha miyezi itatu iliyonse, poti anthu amasamuka, ena amatisiya.

Makope ndabwera nawo, ali m'jumbomu, zolembera muzibwerekana. A mlembi, tiyambe ndi mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, iwowa ulendo wawo ndi wautali ndipo kumwambaku kwayamba kuda.